Adadi ndi Chigubu cha kwa Scroggins

Ndivomereretu pachiyambi pomwe: dzina la adadi pa fomu ija ndinalemba ndine. Amene mumanditsatira pa intaneti pano mukundidziwa, ine Delaney, uja ndinathira mchere m'mbale ya shuga pa ukwati wa msuweni wanga abusa n'kulavulira tiyi pa keke. Sindikana. Koma ya lero siyoseketsa kwenikweni, ndiye wobwera kudzaseka akhoza kutsikira pompano.

Mu Malichi, ndili ku koleji ku Dayton, anandiimbira foni azakhali anga a Loretta, achemwali awo a adadi. Amenewa salonjera.

"Iwe wa intaneti, tisungitsire malo kwa Scroggins. Julaye akubwerayu tikupita ku mapiri a ku Tennessee tonse anayi, ndipo ulendo uno sindibwerera ku Ohio ndisanadye nkhuku ya m'ndowa."

Kwa Scroggins ndi kuja mumadya ndi manja kwinaku anthu ovala maovolosi ong'ambika akuphwanyana ndi mapoto pa siteji, tiana ta nkhumba tikuthamangitsana, ana akukuwa mpaka mawu kutha. Mbali imene anthu amaidikira imabwera pakati. Amaitana bambo mmodzi mwa oonerera, kumupatsa chigubu chadothi cha kachasu wa chimanga, anthu onse n'kumaponda pansi akuwerenga mpaka khumi iye ali chopendekera chigubu kukamwa.

Ndiye kumunsi kwa fomu kunali kabokosi: "Muli ndi wachibale woti timuyalutse? Tiuzeni." Anthuni, kundionetsa ine kabokosi ngati kameneko ndi kusungitsa galu nyama. Ndinalemba kuti: "Vernon Kessler, zaka 54, wowotcherera mapaipi. Amati chigubu chowagwetsa iwo sichinaumbidwe." Ndipo silinali bodza, anali mawu awo enieni, ankawanena Khirisimasi iliyonse. Ndinatumiza, ndinaseka ndekha m'chipinda, ndinasunga pakamwa miyezi inayi.

Tsiku la ulendo anadzanditenga ku koleji. Adadi atatsika m'galimoto ndinangoti eh. Lamba anali ataboola mabowo atsopano. Khosi linkasambira m'kolala ya shati.

"Adadi, kodi ku North Dakota kuja samadya?"

Kuyambira mu Febuluwale ankati ali ku ntchito kumeneko.

"Amadya chisanu," anatero akuseka ndi mbali imodzi ya pakamwa. "Kwera, chimbalangondo iwe, ukutichedwetsa."

Njira yonse ankatafuna njere za mpendadzuwa n'kumalavulira makoko m'kapu. Paketi ikatha, ina. Nditatsegula bokosi la zoziziritsa kuti ndiwabere kabotolo ka mowa kamodzi ngati kale, ndinapeza zakumwa za shuga zokhazokha. Ndinati mwina amami ayamba kulamulira boma. Sindinaganize patali.

Tinafika Lachinayi, chiwonetsero chinali Lachisanu 5 koloko madzulo. Lachisanulo m'mawa tinatuluka kukayenda mumsewu waukulu. Kumeneko ukadutsa nyumba ziwiri, yachitatu ndi ya kachasu, ndipo pakhomo pamaima atsikana ndi mathireyi a timakapu tolawitsa ulere. Wa pichesi, wa apulo, wina amayatsa moto kuti muone mphamvu yake. Titayandikira yoyamba, adadi anawoloka msewu. Tsidya linalo kunalinso ina. Anawolokanso. Munthu wamkulu kumangodumphadumpha pakati pa magalimoto, manja ali m'matumba.

Ine ndi pakamwa pangapa ndinakuwa: "A Vernon Kessler kuthawa chaulere? Azakhali, jambulani, dziko latha!"

Azakhali anaseka mpaka kugwira mtengo wa magetsi. Adadi sanacheuke. Amami, a Rhonda, anandigwira pamkono, zikhadabo kulowa.

"Tiye ukandithandize kutenga ayezi."

"Ayezi wa chiyani m'mawa uno?"

"Tiye."

Anandikokera mpaka ku motelo, kuseri kwa masitepe kumene kuli makina a ayezi. Sanabweretse ndi ndowa yomwe. Anaima chotsamira makinawo, akulira kuti gwii kumbuyo kwawo.

"Adadi ako ku North Dakota sanapiteko."

"Nanga anali kuti?"

"Mu Febuluwale ndinawapeza m'galaja, ali chigonere pa simenti, asanza magazi. Ndinakolopa ndekha ndisanapite kuchipatala, sindikudziwa chifukwa chake. Anagona sabata ziwiri. Atatuluka anapita kumalo kuja amathandiza anthu kusiya mowa. Dokotala anawauza pamaso panga kuti chiwindi chafika pothera, akadzayambiranso sipadzakhala kukolopa kwachiwiri."

Makina anagwetsa ayezi mkati, gubudu! Ndinadzidzimuka.

"Lero ndi tsiku la 151 chisiyireni mowa," anatero amami. "Amawerenga m'mawa uliwonse akamameta ndevu, ndimawamva."

"Bwanji simunandiuze?"

"Anandilumbiritsa. Ndi a Loretta omwe sakudziwa. Ati mwana wanga asadziwe kuti ndinagwa ngati chidakwa cha pa siteshoni. Ndiye tamvera, Delaney. Ukangoonetsa kuti ukudziwa, wawapha ndi manyazi. Ungotseka pakamwa pakopo masiku atatu okha. Ungathe?"

Ndinagwedeza mutu kuvomera. Apa ndiye panali poti ndinene za fomu ija. Mawu anafika pakhosi. Ndinayang'ana nkhope ya amami, maso ali psuu, ndinawamezanso.

Ndinakadzitsekera m'bafa n'kuyamba kuwerenga ndemanga za anthu amene anapitako. Funso langa linali limodzi: m'chigubu muja mumakhala chiyani? Mayi wina wa ku Georgia analemba kuti, "Mwamuna wanga anabwerera ku tebulo akuyenda ngati nkhanu, nyenyezi zisanu!" Wina anati, "Ndi madzi a apulo, musapusitsidwe." Wachitatu anati, "Tinakhala kutsogolo, fungo lake linandiyoyola nsidze." Anthu mazana asanu ndi limodzi analembapo za nkhuku, kuti ndi youma, kuti siyouma. Za chigubu atatu okha, ndipo osagwirizana. Ndinaimba nambala ya ku ofesi yawo, inandiyankha nyimbo ya banjo mphindi khumi ndi ziwiri, kenako inaduka.

Masana tinakhala pakhonde la motelo, azakhali atayala timapepala totsatsa malonda pa tebulo ngati akuombeza. Kumapiri kunkachita mdima, mitambo yakuda ikutsika pang'onopang'ono, koma mvula osagwa. Kutentha kokhakokha.

Ndinayamba mochenjera. "Koma kwa Scroggins kuja anthu akudandaula kwambiri. Ati nkhuku yake ngati nsapato."

"Ndine wa mano anga," anatero azakhali.

"Ati mumanunkha nkhumba."

"Ndakwatiwapo kawiri, mwana iwe. Fungo silindiopsa."

"Ati nthabwala zake ndi za 1990. Bwanji tipite kokaona nsomba kuja? Kapena ku sitima ya m'mapiri?"

Azakhali anatsitsa magalasi n'kundiyang'ana pamwamba pake. "Rhonda, mwana wakoyu wadwala? Kapena ali ndi mimba? Delaney kusankha nsomba kusiya anthu omenyana ndi mapoto?"

"Mwina wakula," anatero amami. Iwo za chigubu sankadziwa chilichonse, intaneti yawo ndi ya maphikidwe a keke basi. "Ine kulikonse. Koma kuseka kungatichitire bwino tonse."

"Wamva? Awiri kwa mmodzi. Vern, iwe ukuti bwanji? Usangokhala ngati chithunzi."

Adadi anali kumapeto kwa khonde, akuyang'ana mitambo, kapu ya makoko ili pa bondo. Mumtima ndinkapemphera: kanani, adadi, nenani kuti mutu ukuwawa.

"Amagulitsa mowa kumeneko?" anafunsa ngati sakusamala.

"Ayi ndithu, taona apa," azakhali anagogoda kapepala ndi chala. "Ati malo a banja, tiyi ndi zakumwa za shuga basi. Pepa mlongo wanga, lero uvutika."

Ndinaona mapewa a adadi akutsika, ngati munthu watula thumba la simenti. M'tauni yonse ija, malo okhawo amene akanakhala pansi osawoloka msewu.

"Ndiye tipite," anatero. Anatembenukira kwa ine. "Iwe unasungitsa malo kalekale, usatinamize. Chimbalangondo changa chimafuna kuseka. Chaka chino sindinakuseketse mokwanira."

Mukanakhala inu mukanatani? Ndinangoti, "Chabwino, adadi."

Tinafika 4 koloko itadutsa. Chinyumba chofiira ngati khola, chachikulu kuposa tchalitchi chathu, mabasi atandandana panja. Pakhomo anatijambula chithunzi mokakamiza pafupi ndi chidole cha nkhumba. Mkati munali mabenchi aatali, anthu pafupifupi chikwi, ndowa za nkhuku zikuyenda m'mwamba. Anatiika mzere wachitatu kuchokera kutsogolo. Pa tebulo lathu lokha panali kambendera kachikasu. Ndinayang'ana matebulo ena onse. Lathu lokha.

"Taonani, atilemekeza," anatero azakhali.

Pa siteji, pamwamba pa mbiya, chigubu chinali chikhalire, nyali imodzi itachilunjika. Chofiirira, chonenepa, chotseka ndi chitsononkho. Adadi anachiyang'ana kamodzi n'kusuntha pa benchi kuti achipatse phewa.

Ndinati ndikupita kuchimbudzi, n'kuthamangira mayi amene ankatumikira mzere wathu. Anali wachikulire, tsitsi lofiira lochita kudaya, dzino limodzi atalipaka lakuda dala. Pa bere anamata dzina loti Twila.

"Amayi, pepani, funso limodzi. M'chigubu muja muli chiyani?"

"Chinsinsi cha banja la Scroggins, chimwali," anayankha ndi mawu a pa siteji.

"Chonde. Ndikufunsa zenizeni."

Anandiyang'ana bwinobwino, n'kutsitsa ndowa. Mawu anasintha. "Madzi a pa mpopi, mwanawe. Ndimathira ndekha. Mwini malo ano ndi dikoni, mowa sulowa ndi pa geti pomwe. Fungo limene anthu amanena ndi utsi umene amapopera pa siteji. Azibambowo amangodzandira okha kuti akazi awo aseke."

Ndinatsala pang'ono kumupsompsona pa dzino lakudalo.

"Ndiwe wa kambendera kachikasu eti?" anafunsa. "Ngati bamboyo ali ndi vuto, nena pano. Ndikachotsa khadi la dzina lake, tili ndi ena awiri odikira. Sizachilendo, zimachitika sabata iliyonse."

Apa ndiye mundimvetsere, chifukwa ndi pamene ndimabwerera ndikamalephera kudya. Anandipatsa khomo lotulukira, lotsegula. Koma mantha atangochoka, kasatana kaja kamene kamakhala mwa ine kanadzuka n'kudziwongola. Madzi okhaokha? Ndiye vuto lili pati? Adadi akwera, amwa madzi, anthu chikwi awaombera m'manja, akumbukira kuti ndi Vernon Kessler. Ndinafika podziuza kuti ndi mankhwala. Komanso, ndisaname, miyezi inayi ndikudikira kanema ameneyu.

"Ayi, lisiyeni," ndinatero. "Alibe vuto."

"Watsimikiza?"

"Ndatsimikiza."

Pobwerera ndinaganiza zowanong'oneza adadi kuti ndi madzi. Koma ndikanayamba bwanji? Akanafunsa kuti ukundiuziranji, ndipo nkhope yanga ikanaulula zonse za ku makina a ayezi. Ndinati adziwa okha akangolawa.

Chiwonetsero chinayamba. Sindikukumbuka zambiri. Mapoto, banjo, munthu kugwera m'chidebe cha madzi. Azakhali ankaseka mpaka kumenya tebulo ndi fupa. Adadinso anaseka kawiri, kuseka kwenikweni, ndipo amami anawagwira dzanja. Panja mabingu anayamba kugunda, denga la malata n'kumanjenjemera.

Kenako nyali zonse zinazima kupatula ya pa chigubu. Mkulu wa sewero, wandevu mpaka pamimba, anatulutsa khadi m'chipewa.

"Abale, usiku uno tili ndi munthu woopsa pakati pathu. Wachokera ku Ohio. Ati chigubu chomugwetsa iye sichinaumbidwe! Vernon Kessler, uli kuti, mwana wa amayi?"

Nyali inatigwera ngati madzi otentha. Azakhali anaimirira n'kumaloza: "Uyu! Uyu! Mlongo wanga uyu!"

Adadi anauma. Njere ya mpendadzuwa inali pa mlomo. Anagwedeza mutu, kukweza dzanja kuti ayi, koma kumeneko kukana ndi mbali ya sewero. Anthu anayamba kuponda pansi. Du! Du! Du! "Vernon! Vernon!" Makapu ankadumpha pa tebulo. Anyamata awiri a maovolosi anabwera kudzawanyamula m'khwapa, azakhali akukankha kumsana.

Amami anafuna kuimirira. Ndinawakoka n'kuwanong'oneza: "Ndi madzi, amami. Madzi a pa mpopi. Ndafunsa."

Anakhala pansi pang'onopang'ono. Kenako anatembenuka. "Wafunsa liti? Unadziwa bwanji kuti awaitana?"

Foni yanga inali kale m'mwamba, ikujambula.

Pa siteji adadi ankaoneka aang'ono. Wandevu anazula chitsononkho ndi mano, utsi unafuka, anthu anakuwa. Anawaika chigubu m'manja. Adadi anachigwira ndi manja awiri ngati khanda la eni. Anayang'ana kumene tinakhala, koma nyali inali m'maso mwawo, sakanationa. Anaima choncho nthawi yaitali, mpaka wandevu anati, "Kodi ku Ohio mumayamba mwapemphera?" Anthu anafa nacho chiseko.

Kenako adadi anatsinzina. Anakoloweka chala pa chogwirira, kugoneka chigubu pa chigongono mwaukatswiri, n'kupendeka.

"Wani! Thuu! Fili!"

Kholingo linkakwera ndi kutsika. Madzi ankatsikira m'kolala. Anthu anafika pa khumi n'kuyamba kuimba mluzu. Adadi sanasiye. Leveni. Thwelofu. Wandevu anachita kuwalanda, akuseka koma akukoka ndi mphamvu. Adadi anatsegula maso n'kuyang'ana chigubu chija, nkhope yawo ngati munthu wadzuka m'nyumba yachilendo. Azibambo ena amadzandira, amagwa dala. Iwo anangoima. Anawaveka chipewa cha udzu n'kuwaperekeza ku tebulo anthu ataimirira.

"Ndiye mlongo wanga ameneyo!" azakhali ankauza matebulo oyandikana. "Magazi a Kessler!"

Adadi anakhala pansi, kuika chipewa pa bondo. Anabweretsa mkate wotsekemera wa maapulo, sanaukhudze. Mpaka sewero kutha sanayang'ane munthu.

Titatuluka kunali kusanade, mvula itangoyamba kudontha, madontho akuluakulu otentha. Azakhali anatsalira m'sitolo kukagula chithunzi cha pa nkhumba chija. Ife atatu tinayenda mpaka pa galimoto. Amami ndi amene anayamba.

"Vern. Anali madzi, eti?"

"Madzi," anatero adadi.

Ine chifuwa chinamasuka, pakamwa n'kutseguka pokha. "Mwaona? Madzi a pa mpopi! Mayi uja anandiuza tisanayambe n'kudya komwe. Mwini wake ndi dikoni. Adadi, munawapha anthu, mukanaona nkhope ya..."

"Iwe unkadziwa kuti ndi madzi?"

"Eya."

"Rhonda, nawenso?"

"Anandiuza muli kale pa siteji."

Adadi anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Mvula inkagogoda pa chipewa chili m'manja mwawo.

"Ine sindinkadziwa," anatero.

Anapitiriza, maso ali pa chipewacho.

"Ndinkayesa weniweni. Sindinafune n'kununkhiza komwe, ndinagwira mpweya dala, kuti ndisapeze mpata wosintha maganizo. Ndinati anthu chikwi akundikakamiza, Rhonda waona yekha, palibe adzandinene." Anapukuta kumaso ndi dzanja. "Ndipo nditamva kuti ndi madzi, mukudziwa chimene ndinamva? Ndinakwiya. Ndinapitiriza kumwa, kuti mwina weniweniyo ali pansi."

Amami anatsamira chitseko cha galimoto, dzanja pakamwa.

"Adadi, dzina lanu ndinalemba ndine," ndinatero. Mawu anatuluka aang'ono ngati a mwana wa sitandade wani. "Mu Malichi, ndisanadziwe. Koma lero ndinkadziwa. Amami anandiuza m'mawa. Mayi uja anati achotse khadi, ine ndinakana."

Ndinkadikira kuti akalipe. Bwenzi zili bwino akanakalipa. Anangondiyang'ana, maso otopa.

"Ndiye ukudziwa zonse."

"Eya."

"Chabwino. Ntchito yobisa yatha." Anatulutsa makiyi n'kupatsa amami. Adadi sapatsa munthu makiyi, ngakhale tsiku limene anathyoka mkono anayendetsa okha. Anatsegula chitseko cha kumbuyo, kuwerama, n'kukankha kaloko kaja ka m'mbali, koletsa ana kutsegula ali mkati. Anazungulira n'kukankhanso ka mbali inayo.

"Iwe ukhala kumbuyo ndi ine," anandiuza. "Ndikati ndikufuna kutsika, kaya ndikuti chimbudzi, kaya ndikuti ndikufuna mpweya, usandimvere. Ngakhale ndikutukwane. Wamva?"

"Ndamva, adadi."

Tinalowa. Amami anatseka zitseko kunja. Azakhali anabwera akuthamanga, chithunzi chili pamutu ngati ambulera, n'kudziponya kutsogolo.

"Taonani nkhope ya Vern apa, ngati iye ndiye nkhumba! Nanga bwanji mwangoti zii ngati pamaliro? Rhonda, ukuyendetsa ndiwe?"

"Loretta, takhala chete pang'ono," anatero adadi. "Ndikuuza tikafika."

Kuchokera pamenepo kukafika ku motelo ndi mtunda woti mphindi zisanu zikwana, koma mabasi onse ankatuluka nthawi imodzi, msewu unadzaza, tinkangosuntha ngati kamba. Adadi anatulutsa foni. Anandiuza osandiyang'ana kuti ali ndi mnzawo, a Otis, amene anasiya mowa zaka makumi awiri zapitazo, amene amamuimbira zikavuta. Anaimba. Inaitana mpaka kuduka. Anaimbanso. Bondo lawo linkagunda langa.

Ulendo wachitatu ikuitana, dzanja lawo lina linapita lokha pa chotsegulira chitseko n'kukoka. Chitseko sichinatseguke. Anachiyang'ana dzanjalo, n'kulibweza, n'kulipereka kwa ine. Linali lozizira, lonyowa. Ndinaligwira ndi manja onse awiri.

Foni inali ikuitanabe.